Theka la Kapu ya Thobwa

Chiyambireni kupita ku makina otsuka magazi, ndimamwa madzi a botolo limodzi laling'ono pa tsiku. Tiyi, phala, ngakhale msuzi wa ndiwo, zonse ziyenera kukwana mu muyeso wa botolo lomwelo. Ine amene ndinathyola tiyi zaka zonse zija pa esiteti, ndikumwa pa mpopi uliwonse ngati ng'ombe, lero ndimanyowetsa milomo ndi kansalu. Lolemba ndi Lachinayi ndimakwera minibasi yochokera ku Muloza kupita ku Blantyre. Anesi amandikweza pa sikelo, ndipo ngati ndaba madzi amadziwa ndisanatsegule pakamwa. Kenaka singano ziwiri pamkono, maola anayi ndikuonerera magazi anga akuzungulira m'timapaipi.

Adokotala anati impso zanga zinaphedwa ndi kuthamanga kwa magazi, komanso mapilitsi a msana amene ndinkagula pagolosale n'kumameza ngati mtedza. Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali ndi nkhani yangayanga. Miyendo inayamba kutupa patangotha milungu iwiri chimwereni thobwa kwa alamu anga, akazi a achimwene, ndipo chaka chimenecho n'chimene tinakangana za malire a munda wa nandolo ku Milonde. Sindinauze munthu. Ndine munthu wosunga zinthu, ndipo ichi ndinachisunga bwino.

Choncho lamulo la adokotala linandikomera. Ndikafika kwawo, alamu akabweretsa kapu, ndinkangoonetsa mkono wa zipsera uja n'kunena kuti achipatala analetsa. Palibe akanatsutsa. Chovuta chinali chakuti mkono womwewo suloledwa kunyamula cholemera, ndiye munthu wonditungira madzi m'mawa uliwonse anali alamu omwewo. Ndinkawasuzumira pawindo akutula ndowa, kuona ngati dzanja lilowe m'chitenje. Akachoka ndinkanunkhiza madziwo. Kuchapira ndinkachapira, kusamba ndinkasamba, koma a m'botolo langa ndinkakapempha kwa aneba mozemba.

M'mwezi wa Okutobala, mwana wanga wamkazi amene ankandiperekeza kuchipatala anachira mwana, ndipo alamu anadzipereka kulowa m'malo mwake. Sindinafune, koma ndikatsika pa makina ndimachita chizungulire, sindingakwere minibasi ndekha. Tili kuchipatalako ndinawaona akunong'onezana ndi anesi pakhomo. Tsiku limenelo sindinasinze n'komwe, maso anali pa timapaipi tija.

Loweruka lake anabwera masana, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula kachigubu ka thobwa ndi kapu yaing'ono. Anakhala pakhonde osachulutsa moni. Anati zimene ankanong'onezana ndi anesi zija n'zomwezi: anafunsa ngati thobwa n'loletsedwa, ndipo anawayankha kuti pang'ono palibe vuto, bola ndichotse muyeso womwewo m'botolo la tsikulo. Anathira, anamwa theka iwo eni monga timachitira pochotsa ufiti, n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Alamu, ndayamba ndine. Imwani."

Ludzu limene ndinali nalo tsiku limenelo akulidziwa ndi Mulungu yekha. Thobwalo linali lamawere, lozizira, fungo lake linandifika mpaka kukhosi. Ndinalandira kapu ija. Koma mutu wanga unali pa ntchito. Nanga ngati anamweratu mankhwala odzitetezera? Nanga ngati zinthuzo zadikha pansi pa kapu? Ndinawauza kuti botolo lalero ndamaliza kale. Botololo linali pawindo, madzi ali pakati, tonse awiri tikuliona.

Sanakalipe. Anatenga kapu m'manja mwanga, anamwa lotsalalo mpaka pansi, n'kuigadabuza kuti ndione.

"Aneba anu anandiuza za madzi aja," anatero. "Ine ndinkati akunama."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Koma ndinene zoona, kukayika sikunachoke. Ziwirizi zikukhalira limodzi mwa ine mpaka lero, ndipo sindinapepese chifukwa sindikudziwa kuti ndipepese ndi mtima uti.

M'mawa mwake ndowa inafika monga mwa masiku onse. Amanditungirabe, ndipo tikamapita ku Blantyre amandichirikiza pokwera minibasi, kusamala kuti munthu asandipane mkono. Achimwene sadziwa kanthu, amangotiyamikira kuti tikugwirizana.

Dzulo alamu anafika kuchokera kumjigo thukuta lili kamukamu. Ndinatulutsa kapu yanga yabwino, ya alendo, ndinawatungira madzi m'ndowa imene anasenza okha, n'kuwapatsira ndi manja awiri. Anayang'ana kapuyo, kenaka anayang'ana ine.

"Zikomo alamu, ndikamwera kwathu."