Namwino Woyeza Khansa ndi Apongozi Ake

Modester wagwira ntchito ya unamwino zaka khumi ndi chimodzi pa kachipatala kena kufupi ndi Champhira. Anakulira ku Euthini, mwana wa mlimi wa fodya, ndipo anakwatiwa ndi Kingstone Tembo amene anapita ku Joni mwana wawo woyamba akukwawa. Kingstone amabwera pa Khirisimasi, chaka china osabwera.

Lachinayi lililonse Modester ankayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo pachipatalapo wodziwa kuyeza anali iye yekha. Ankapaka viniga, kuunika ndi tochi, n'kudikira pang'ono. Koma ambiri ankabwera chilonda chitakula kale. Chomwe ankatha n'kulemba kalata yowatumiza ku boma, kenako n'kudzamva za maliro. Katatu konse anafunsira malo pa maphunziro apamwamba a anamwino osamalira odwala khansa, katatu konse osatengedwa. Ulendo wachinayi kalata inabwera: akafike ku Lilongwe pakatha masabata atatu, akaphunzire zaka ziwiri.

Anapita kumudzi kwa mwamuna wake kukatsanzika. Apongozi ake, aNyaShaba, anali pakhonde akusadzula nyemba. Modester anagwada chapatali monga achitira mkamwana, koma mphepo inachokera kwa iwo n'kumubweretsera fungo. Fungolo analidziwa. Linali la Lachinayi, la amayi obwera mochedwa aja. Popita kukasamba m'manja anaona nsanza zochapa zitayanikidwa mobisa kuseri kwa bafa, pamene mayiwo anasiya kupita kumwezi iye asanakwatiwe n'komwe.

Anadikira adzukulu omwe anali pafupi achoke.

"Amama, m'thupimu muli bwino?"

"Ndili makora. Ukalamba basi."

"Ndapota, mubwere Lachinayi ndidzakuoneni. Sizichedwa ayi."

ANyaShaba anaika lichero pansi. "Iwe undione ine? Ndinakubalira mwamuna, lero ufuna kusuzumira komwe anatulukira? Sukulu zanuzo zimaphunzitsa zimenezo?"

"Ndiye tipite ku boma, akakuoneni ena."

"Ku boma anapita anzanga awiri. Uwafunse ngati anabwerako."

Modester anaimbira Kingstone. Nkhani yotere sungamutchulire mwamuna za mayi ake, choncho anangozungulira, akuti amama sakupeza bwino, akufunika chipatala.

"Nanga nesi si ndiwe?" anatero Kingstone. "Apatse mapilitsi. Ndili pa ntchito."

Anapita ku Jenda kwa mlamu wake Nesta, mlongo wa Kingstone, wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Nesta anamvetsera akuingitsa ntchentche pa mulu wa tomato.

"Alamu, inu mumaona khansa paliponse. Munthu akangoyetsemula, khansa."

"Nesta, ndikachoka ine palibe wina woyeza pano. Atsala ndi adokotala aamuna a ku boma. Amama angalole?"

Nesta anasiya kuseka. "Ndikawauza. Koma mukuwadziwa amama. Anakana kuzula dzino chaka chathunthu."

Lachinayi loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa. Modester ankati akaitana wotsatira, maso ali pakhomo. Anabwerera kumudzi kawiri. Ulendo wachiwiri anapeza chitseko chotseka, ana akuti agogo apita ku dimba, pamene nsapato zawo zinali pakhomo pomwepo. Anagwada kunja kwa chitsekocho n'kulankhula ndi matabwa. Ananena kuti akapanda kubwera, iye sukuluyo aisiya.

Mawu anatuluka m'nyumba: "Usandisenzetse sukulu yako. Katundu ndili naye kale."

Lachinayi lomaliza kunagwa mvula ya mawawa, ndipo amayi anabwera ochepa. Modester anali akutsuka zitsulo pamene kunalowa mayi wina atafunda chitenje kumutu, nkhope yonse yobisika. Chitenjecho Modester anachidziwa: anawagulira yekha apongozi ake chaka chatha. Mayiyo anaika buku lachipatala patebulo osayang'ana mbali.

"Anesi, ndachokera kutali. Sindikudziwani, inunso simundidziwa."

Modester anawalozera bedi. "Yewo, amama. Gonani apa. Ndisamala."

Poyeza, tochi inamugwa kawiri. Viniga sanafunike n'komwe. Chilondacho chinali chachikulu, chotuluka magazi akangochikhudza, ndipo chinali chitayamba kufalikira m'mbali. Anaona zonse, n'kudziwa dzina la chomwe akuona. Zoti achite pambuyo pake n'zomwe ankati akaphunzire.

Anawafunditsa, natembenuka kuti avale. Analemba kalata, cholembera chikuboola pepala.

"Amama, matendawa ndi aakulu. Ku boma akangokutumizani kwina. Mawa lino ine ndikukwera basi ya ku Lilongwe, ndipo chipatala chachikulu chili komweko. Tipitire limodzi. Ndidzakhala nanu pafupi tsiku ndi tsiku."

Mayiwo anapinda kalatayo kanayi n'kuimanga pa nsonga ya chitenje.

"Sukulu yanuyo nja zaka zingati, anesi?"

"Ziwiri."

"Mbwenu." Anakokera chitenje pankhope. "Chimanga changa chili m'munda. Ndikakolola."

"Kukolola ndi mwezi wa Meyi, amama. Uno ndi Malichi. Matendawa sadikira chimanga." Modester anapezeka atagwada pa simenti, yunifolomu ili m'madzi omwe anatayika potsuka. "Chimangacho Nesta akolola. Ndapota chomene. Ndikakudikirani pa Jenda m'mawa."

"Dzukani, anesi. Panja pali anthu."

Mayiwo anatuluka nkhope ikadali yophimbidwa, akuyenda motsamira khoma.

M'mawa mwake Modester anafika pa Jenda ndi sutikesi yake dzuwa litangotuluka. Ana anali atawasiya kwa mng'ono wake ku boma. Anaima pafupi ndi benchi la Nesta, maso ali ku njira yochokera kumudzi. Njinga iliyonse ya kabaza yonyamula mzimayi ankaithamangira. Basi yoyamba inabwera, anailola ipite. Yachiwiri, kondakitala anagwira kale sutikesi, iye n'kuilanda.

"Mayi, mukupita kapena mukugulitsa tomato?" anafunsa kondakitalayo, basi ikunyamuka.

Dzuwa litafika pamutu, Nesta anatumiza uthenga kumudzi kudzera kwa wakabaza wina. Wakabazayo anabwerako yekha. Anati wawapeza aNyaShaba m'munda, akuti palibe ulendo.

Basi yachitatu inaima. Nesta ananyamula sutikesi n'kuipereka yekha kwa kondakitala.

"Kwerani, alamu. Mukakhala pano sabwerabe."

Modester anagwira dzanja la mlamu wake, n'kuyamba kumuuza mothamanga: nsanza za amama aziziwiritsa, magazi akachuluka asadikire kuche, ululu ukakula akapemphe mankhwala amadzi oletsa ululu ku boma, asawasiye okha kumunda. Basi inayamba kuyenda iye akulankhulabe, phazi limodzi pa sitepe, ndipo kondakitala anamukokera m'kati.