Mlonda wa Nsapato

Tsiku limene nsapato imodzi inasowa, mtsikanayo analumbira kuti sadzapondanso pasukulu.

Mwendo wake wamanzere unapuwala ali wakhanda, choncho ankayenda ndi ndodo. Anzake sankamuda ayi. Mukanawafunsa, akanakuuzani motukumula chifuwa kuti amasewera naye tsiku lililonse. Koma tamvani masewera ake. Belu lopumira likalira, ana ankavula nsapato poopa kukwapulidwa kunyumba zikang'ambika, n'kuziunjika pansi pa mtengo. "Utiyang'anire, wamva?" Akatero, liwiro la kumpira. Iye ankatsala pamuluwo, kupuma fungo la mapazi a eni ake mpaka belu lilirenso. Dzina lake lenileni linaiwalika, aliyense ankangomuitana kuti Mlonda.

Tsikulo mpira unafika pokoma, ndipo Mlonda anatembenuka n'kumaonerera, mtima wonse uli m'bwalo. Belu litalira, mnyamata wina wamtali, amene ankamutchula kuti Kaputeni chifukwa mpirawo unali wake, anapeza nsapato yake imodzi yokha.

"Ntchito yako ndi imodzi basi, nayonso ikukukanika?" anakalipa Kaputeni pamaso pa onse. "Ngati sungathe kulondera nsapato, ungathe chiyani iwe?"

Nsapatoyo inapezeka kuseri kwa mpanda, galu akuitafuna. Palibe amene anapepesa.

Bambo ake a Mlonda anali okonza njinga. Nsonga ya ndodo yake ikatha, ankadula kachidutswa ka tayala lakale n'kukhomerapo kuti asamaterereke. Madzulo amenewo atatenga ndodoyo kuti aione, mwana wawo anati, "Musavutike nayo, ababa. Kusukulu sindipitakonso."

Bambowo sanakalipe. Anamulola kukhala nawo pantchito masiku angapo, akuwapatsira masipanala, mpaka nkhani yonse inatuluka pamodzi ndi misozi. M'mawa mwake anamukweza panjinga, ulendo wa kusukulu, mafuta akuda ali m'zikhadabo. Mlonda anakana kulowa m'kalasi. Anaima kuseri kwa chitseko, makutu ali tcheru.

"Zikundidabwitsa, bambo," anatero aphunzitsi ake, mayi wofatsa koma wotanganidwa. "Mwanayu amacheza ndi anzake. Ndimamuona panja tsiku lililonse."

"Mumamuona ali pati, aphunzitsi?"

"Pansi pa mtengo paja, pa nsap…"

Mayiwo sanamalize. Anatuluka n'kugwada kuti alingane ndi mtsikanayo. "Ndakulakwira, mwanawe. Ndinkakuyang'ana koma sindinkakuona. Ubwere mawa."

Aphunzitsiwo sanakwapule munthu, ndipo sanalalikire za chikondi. Anangolengeza kuti kuyambira tsopano ulonda wa nsapato ukhala wosinthana, ndipo woyamba ndi Kaputeni. Tisanamizane, Mlonda sanabwerere kusukulu chifukwa cha chiyembekezo. Ankangofuna kuona ndi maso ake mwini mpira atakhala pamulu wa nsapato.

Ndipo anamuonadi. Kaputeni anayamba ndi kuimba mluzu ngati sizikumukhudza. Kenaka anayamba kufuulira anzake malangizo, koma palibe anacheuka. Mpira wake womwe unkagubuduka iye palibe, zigoli zikulowa, anthu akukumbatirana. Pamene belu linkalira, maso ake anali atafiira. Anayang'ana Mlonda, amene anakhala chapatali pang'ono.

"Kodi nthawi yopumayi imatalika chonchi masiku onse?"

"Masiku onse," anayankha Mlonda. "Chiyambireni sukulu."

Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ulondawo utazungulira theka la kalasi, anawo anapita okha kwa aphunzitsi kukadandaula kuti ntchitoyo ndi yowawa.

"Ndi yowawa kwa inu nokha?" anafunsa mayiwo. "Pitani mukapeze masewera oti aliyense alowemo. Ine sindikusankhirani."

Anakangana mpaka mawu kusasa. Pomaliza anamanga chingwe chamunsi pakati pa mitengo iwiri, onse n'kukhala pansi, mbali ziwiri, kumamenya mpira ndi manja kuti udumphe chingwecho. Wodzuka, watuluka.

Musaganize kuti zinangoyenda ngati madzi. Tsiku loyamba mpira unamumenya Mlonda pamphuno. Lachiwiri anauphonya kambirimbiri, ndipo anamva wina akung'ung'udza kuti masewera okhala pansi ndi a agogo. Mantha anamugwira. Ankadziwa kuti anzakewo akatopa abwerera kumpira wawo, iye n'kubwerera pansi pa mtengo.

Choncho madzulo alionse ankakhala pansi kuseri kwa shedi imene bambo ake ankakonzeramo njinga, kumenyetsa kukhoma mpira wa machubu akale a njinga, mpaka zikhatho kutupa. Bambo ake ankangoti, "Khomalo ukaligwetsa, umanga wekha." Ankanena akumwetulira, chifukwa ankaona zimene mwana wawo sankadziwa: zaka zonse zoyenda ndi ndodo zinali zitamupatsa mikono yolimba kuposa ya mnyamata aliyense m'kalasimo.

Tsiku lina mpira unabwera bwino, pamwamba pa phewa lake lamanja. Anaumenya ndi mkwiyo wonse wa pansi pa mtengo. Unadutsa chingwe ngati mwala, n'kumupeza Kaputeni pachifuwa, iye chagada, miyendo m'mwamba. Bwalo lonse linafa ndi phwete, ndipo amene anaseka kwambiri anali Kaputeni mwini wake.

M'mawa mwake inafika nthawi yosankhana magulu. Mlonda anaweramitsa mutu, kudikira kutsala yekha monga mwa masiku onse. Kaputeni ndiye anayamba kusankha. Anatchula dzina limodzi, ndipo mtsikanayo sanasunthe, chifukwa anali asanalimvepo likutchulidwa pabwalo limenelo. Linali dzina lake lenileni.

Anapuma mpweya wautali, ngati munthu amene watula mtolo umene wausenza mtunda wonse. Madzulo anapereka yekha ndodo kwa bambo ake. "Ababa, nsongayi yatha. Mundiikire lina tayala." Bambowo anatembenukira kukhoma, ati kufunafuna nyundo, koma nyundoyo inali m'manja mwawo.

Lero mtsikana uja ndi mayi wamkulu, mphunzitsi wa zamasewera, ndipo akuyendabe ndi ndodo. Ana atsopano akabwera, amawafotokozera nkhaniyi asanawapatse mpira. Pasukulu pake nsapato zimaunjikidwabe pansi pa mtengo, koma sizikhala ndi mlonda. Nthawi zina galu amathawa nayo imodzi, kholo n'kubwera litakwiya. Iye amalimvetsera mpaka limalize, kenaka amaliloza kubwalo kumene ana onse ali, wina wosasiyidwa. "Pepani nazo, mayi. Koma nsapato ikasowa timaifunafuna tonse. Mwana akasowa m'bwalomu, nthawi zambiri palibe amazindikira."

Inu makolo ndi aphunzitsi, mwana akakuuzani kuti amasewera ndi aliyense, mufunseni kuti mnzake uja amakhala pati masewerawo akayamba. Ndipo iwe amene lero wakhala pamulu wa nsapato za anzako, ukumva kuseka kwawo chapatali, usataye mtima. Mikono yako ikulimba pamene iwe sukudziwa, ndipo dzina lako silinafe. Tsiku lina lidzatchulidwa pabwalo, ndipo udzalowa.