Chikwama Chimene Amayi Ankandilongedzera

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi seveni, tikukhala ku Kafue m'nyumba ya zipinda ziwiri kufupi ndi njanji. Mphepo ikachokera kumafakitale inkabwera ndi fungo lija la feteleza loyabwa m'maso, ndipo atate ankalinunkhiza ali pakhonde. Fakitale inali itawabweza kunyumba, ati akadikire kuitanidwa. Anadikira mpaka nsapato zawo zantchito zinachita nkhungu pansi pa bedi. Amene ankatidyetsa anali amayi, ndi zitumbuwa zimene ankakazinga m'mamawa n'kukagulitsa pasiteshoni ya mabasi.

Mutu ine ndinali nawo, nditero mosadzitama. Matenda anga anali mawu awiri okha. Amayi akafunsa kuti, "Dailesi, wachita homuweki?" ine ndinkayankha mwaulemu wonse kuti, "Nizachita manje manje, Amama," kutanthauza pompano. Sindinkanama ayi. Mumtima ndinkafunadi kulemba, kungoti ndinkayamba ndavula yunifomu, kenako kumwa madzi, kenako kusongola pensulo yosongoka kale. Ndikamati nditsegule buku, Mutinta anali ataitana kuseri kwa mpanda.

Mutinta anali mwana wa nyumba yoyandikana nafe, wa kalasi imodzi ndi ine, mnzanga wa pamtima. Pa chiyato panalibe womuposa m'komboni yonse. Ankaponya mwala m'mwamba n'kukokolola ina yonse m'kadzenje uku akukuyang'ana m'maso ndi kuseka. Tinkasewera mpaka mdima utabisa miyala, ndipo m'mawa tinkakopera mayankho a anzathu titatsamira khoma la kalasi. Aphunzitsi anatipatsa dzina limodzi tonse awiri, Zengerezu, n'kumatikumbutsa kuti mwini dzinalo adalinda kwawukwawu. Ife tinkangotsinana pansi pa desiki.

Nyengo yozizira itayamba, aphunzitsi anaitanitsa amayi kusukulu. Zimene anakambirana sindinazimve, koma madzulo ake atate analankhula za mayeso a kumapeto kwa chaka osandiyang'ana. "Akafeluka mayeso, kulibe vobweleza kalasi. Mphamvu nilibe." Ndinadikira chikwapu, kapena mawu aja a amayi amene ankamveka mpaka kunjanji. Sikunabwere kanthu. Amayi anatsuka mbale zawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanandifunsenso za homuweki. Ine, kupusa kwanga, ndinayesa ndapuma.

Loweruka lotsatira kunabwera mlendo, Bana Chola. Anali mayi wamkulu thupi, wogula nsomba zouma ku Chanyanya n'kukagulitsa ku Lusaka, ndipo fungo la nsombazo linkalowa m'nyumba iye asanalowe. Aliyense ankadziwa kuti nsomba si katundu yekhayo amene ankapita naye mumzinda. Ankadziwa nyumba zonse za ku Lusaka zofuna kamtsikana kolera mwana ndi kuchapa. Nditagwada kumupatsa moni, sanasiye dzanja langa. Analitembenuza, nayang'ana chikhatho, nafinya mkono wanga monga mmene ankafinyira nsomba pamwalo.

"Kali na mphamvu aka," anauza amayi. "Kaziba kuchisa?" anafunsa, akunena za kusita zovala.

"Kazaphunzila," amayi anayankha.

Pochoka anasiya chikwama chachikulu cha mizeremizere, chija timachitcha ukwa, chatsopano, chopindidwa bwinobwino. Amayi anachifunyulula n'kuchiika pakona, kumutu kwa mphasa yanga, chili chotsegula kukamwa.

Lolemba ndinachita zanga za masiku onse. Nditabwera kuchiyato, mawondo ali mbuu, ndinaona amayi akuika sopo mmodzi m'chikwama muja. Tsiku lina anaikamo chipeso. Linzake patapata. Sanandiuze lamulo lake, koma sindinachedwe kuligwira: tsiku lililonse limene dzuwa lalowa mabuku anga ali chitsekere, m'chikwama munkalowa chinthu chimodzi. Ndinakauza Mutinta, tinaseka mpaka misozi. "Bakuyofya chabe," anatero. "Bamai bako bangakupeleke iwe?" Nanenso ndinkaganiza choncho. Sopo mmodzi ndi chipeso m'chikwama chachikulu chotero, chikadzadza liti?

Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Munalowa thaulo, mafuta odzola, singano ndi ulusi, kenako chitenje cha maluwa achikasu chimene amayi ankachisunga m'sutikesi kuti ndidzavale ndikadzakula. Chikwama chinasiya kugwa m'mbali, chinayamba kuima chokha. Ndikadzuka m'mawa, chinthu choyamba kuchiona chinali chimenecho. Loweruka amayi anayamba kundiphunzitsa kusita malaya a atate ndi simbi ya makala, kolala kaye kenako manja, ndi kubereka mwana wa anansi mosamupweteka khosi. Ankandiphunzitsa mofatsa kwambiri, moti kufatsako ndiko kunkandiopsa. Amayi anga sanali munthu wofatsa.

Bana Chola ankadutsa kawirikawiri. Sankakhalitsa. Ankangolowa, kunyamula chikwama ndi dzanja limodzi, kuchiyeza kulemera, n'kuchibweza pansi. "Chayamba kulema," ankatero akundimwetulira. Akachoka, fungo la nsomba linkatsala m'nsalu yapakhomo mpaka madzulo.

Ngakhale zinali choncho, musaganize kuti ndinasintha msanga. Mantha okha salembetsa homuweki. Ndinkaopa, n'kulonjeza mumtima kuti Lolemba ndiyamba, ndipo Lolemba likafika ndinkapeza kuti Lolemba labwino ndi linalo.

Tsiku lina amayi anabwera kuchokera kumsika ndi mbale yachitsulo ndi kapu, zonse zatsopano, zomata pepala la m'sitolo. M'nyumba mwathu chinthu chatsopano chinali chisanalowe chiyambire atate kukhala pakhonde. Ndinasangalala, ndinafunsa ngati zinali za alendo.

"Ni zako," anatero amayi, akuziika m'chikwama. "Ku manyumba ya banthu, wanchito amadyela mu mbale yake. Sasakaniza na ya bene nyumba."

Ndinayang'ana nkhope yawo kufuna kupeza poseka. Panalibe. Anali akukoka zipi kuyesa ngati itsekeka, ndipo inatsala pang'ono kufika kumapeto.

M'mawa mwake kunalibe sukulu, ndiye ndinawaperekeza kusiteshoni nditasenza beseni la zitumbuwa. Kondakitala wina anagula ziwiri. Amayi anapisa m'thumba mwawo, natulutsa buku langa la masamu, nang'amba tsamba limodzi kumapeto, nakulungira zitumbuwazo.

"Amama, iyo ni buku yanga!"

"Nasankha pepa yamene ilibe kanthu," anayankha osakweza mawu. "Yambili ilibe kanthu. Mu chola mabuku siyazangena, malo yasila." Ankanena chikwama chija.

Ndinaona tsamba langa likunyowa mafuta m'manja mwa munthu uja. Atadya, anapukutira zala n'kuliponya pansi, ndipo basi ya ku Lusaka inaliponda potuluka. M'basimo, pawindo lakumbuyo, munali kamtsikana ka msinkhu wanga katafungata chikwama cha mizeremizere. Mwina kankangopita kwa azakhali ake, sindikudziwa. Koma kwa nthawi yoyamba ndinakhulupirira kuti amayi anga andipereka.

Lolemba lotsatira sindinavule yunifomu. Ndinadziwa kuti ndikangovula, ndapita. Ndinakhala pakhomo pomwepo, fumbi la kusukulu lili kumapazi, njala ikundipotokola m'mimba, n'kutsegula buku long'ambidwa lija pamawondo. Ndinayamba ndi samu imene ndinkadana nayo kwambiri, ya kugawa kwakutali. Ndinalakwitsa, ndinafufuta mpaka pepala linabooka, ndinalira ndi mkwiyo. Zimene ndinazengereza miyezi yonse ija zinali zitaunjikana, ndipo chilichonse chinkafuna chinzake cha m'mbuyo chimene sindinachiphunzire.

Mutinta anaitana kuseri kwa mpanda, miyala ikulira m'chitini chake. "Dailesi, tiye!"

"Nizabwela manje manje," ndinayankha. Sindinapite.

Dzuwa litalowa, amayi anayang'ana buku, nayang'ana ine, nadutsa chikwama osachikhudza. Zinatero mawa lake, ndi mkuja. Masiku ena ndinkagonja, chitini cha Mutinta chikalira kwambiri, ndipo madzulo ake m'chikwama munkalowa kanthu: mpango, kandulo, mswachi. Patapita milungu ingapo ndikulimbikira, ndinalimba mtima kufunsa ngati angayambe kuchotsamo zina.

"Vamene vangena, vangena," anatero amayi. "Iwe ona chabe kuti visapitilile."

Mutinta ndinamuitana kuti tizilemba limodzi. Ndinamuitana kawiri, mwina katatu. Tsiku lina anabweradi, anakhala nane pakhomo, analemba mizere iwiri, kenako anayamba kuponya kofufutira m'mwamba ngati mwala wa chiyato. "Nizayamba mailo," anatero, akutanthauza mawa. "Mayeso yakali kutali." Kunyumba kwawo kunalibe chikwama pakona. Kunalibe chilichonse chomuonetsa kuti masiku akupita kwinakwake. Chakudza sichiimba ng'oma, koma kwa ine chinaimba, ndipo kwa mnzanga chinabwera mwakachetechete.

Mayeso tinalemba kukutentha, mitambo ikusonkhana osagwetsa mvula. Zotsatira zinatuluka chimanga chili m'mawondo. Ndinakhoza, osati mwapamwamba, koma mokwanira kupeza malo mu giredi eyiti. Dzina la Mutinta panalibe.

Sabata lomwelo fungo la nsomba linadutsa pakhomo pathu osaima, n'kukalowa nyumba yoyandikana. Madzulo ake amake Mutinta anabwera, maso ali ofiira, kudzabwereka thumba lililonse loti mwana aikemo zovala. Amayi analowa kuchipinda, nakoka chikwama chija pakona, nachipereka chonse monga chinalili. Sanachotsemo ngakhale singano. Pamalo pamene chinakhala miyezi yonse ija panatsala chizindikiro choyera pasimenti.

Ndinamuperekeza Mutinta kusiteshoni. Anali atavala chitenje changa cha maluwa achikasu, chikumufika mpaka kuzidendene, ndi patapata wanga. Bana Chola anali kale m'basi ndi mitolo yake, akukangana ndi kondakitala. Mutinta ananditambasulira chitini cha miyala.

"Unisungile," anatero. "Nizabwela pa holide, nizakuwina futi."

Wantchito alibe holide. Ndinamuonanso patapita zaka zambiri pamaliro a amake, ali ndi ana ake awiri, manja atakhakhala ndi sopo wa m'nyumba za eni. Tinapatsana moni wa anthu akuluakulu. Za miyala sitinatchule, ngakhale ndinali ndikadali nayo.

Amayi atakalamba, ine ndikugwira kale ntchito, ndinawafunsa funso limene ndinalisunga nthawi yaitali. Ndinkafuna aseke, anene kuti anapangana ndi Bana Chola kuti angondiopseza.

"Amama, sembe munanipeleka zoona?"

Amayi sanaseke. "Mu chaka chija," anatero, "unaonapo ine nagula mbale ya nyowani ya masobela?" Sanali masewera.

Lero ana anga akandiuza kuti alemba posachedwa, mtima umandigunda kuposa mmene nkhaniyo ikuyenera, ndipo iwo amadabwa. Ndili mwana ndinkayesa kuti tsiku limene sindinachite kanthu ndiye kuti sipanachitike kanthu, kuti mawa limandidikira lili lopanda kanthu ngati masamba a m'buku langa. Tsopano ndikudziwa kuti tsiku lililonse lotero limaika chake m'chikwama, kaya ukuchiona kaya ayi. Sindinali wanzeru kuposa Mutinta, ndipo ulesi wathu unali umodzi. Kusiyana kwathu kunali kwakuti amayi anga anaumitsa mtima n'kundiikira chikwamacho poonekera, pamene ndinkachiona m'mawa uliwonse. Chinalongedzedwa ndi masiku anga, koma amene anakadyera m'mbale ija ndi mnzanga.