Mwana Wanga, Ng'ombe ya Eni

Tirthamaya ndimamuchitira nsanje, ndipo sindibisa. Tonse ndife a ku Nepal, tonse timachita lendi m'nyumba imodzi yansanjika muno mu Bengaluru ku India, koma iyeyo ana amamuunjirira ngati nyerere pa shuga. Wake alibe ngakhale mmodzi. Anabwera kuno ali mtsikana, kutsatira mwamuna wake Mangal amene ankalondera pageti la fakitale ina, ndipo chibwerereni amangokhala pamakina ake osokera pafupi ndi masitepe. Ife tikapita kokaphika m'nyumba za mabwana, ana athu amakaswera kwa iye. Dzino loyamba la mwana wanga Sujal linagulukira m'manja mwa Tirthamaya. Ine mayi wake ndinangouzidwa madzulo ngati mlendo.

Mangal anamwalira chaka chino, mtima unangoima ali pantchito. Ndiye inayandikira Gai Jatra, tsiku limene banja loferedwa limaveka mwana ngati ng'ombe n'kumuyendetsa pagulu, kuti ng'ombeyo iwolotse malemuyo kutsidya. Kwathu timadzaza misewu. Kuno timangozungulira bwalo la sukulu lobwereka, ng'oma tikuimba monyengerera kuopa eni dziko.

Tsiku lina ndikusenda anyezi ndinangoona Tirthamaya waima pakhomo.

"Mayi a Sujal, ndabwera kudzabwereka."

"Mchere?"

"Mwana. Akhale ng'ombe, ayendere a Mangal."

Mtima wanga unati psuu! Ndinafuna kumuyankha kuti, kodi sunakhute, mwanayu sunamutenge kale? Koma wamasiye ungamukanize bwanji, nyumba yonse ikumvetsera pamasitepe?

"Mtengeni, achemwali," ndinatero. "Koma nyanga ndipanga ndine."

Ndinkafuna kuti pathupi pa mwana wanga pakhale kanga kamodzi. Ndinadula katoni, ndinamata, ndinapaka utoto mpaka zala kuda. Sujal atazivala, nyangazo zinagwera m'mbali.

"Amayi, awa ndi makutu a bulu," anatero, n'kuthamangira kumunsi kwa Tirthamaya.

Kumeneko zonse zinali zokonzeka kale: chisoti chapepala cholimba chokhala ndi nkhope ya ng'ombe, nyanga zoima njo, malaya achikasu, ndi mchira wautali umene anasoka kuchokera ku yunifolomu ya Mangal. Anamujambula ndevu ndi mwaye. Mwana wanga anakongola, kukongola kopweteka.

Pabwalo paja ana ena anavala ngati mafumu, ena ngati ankhalamba opempha, kunali phokoso ndi kuseka. Ng'ombe zinali zitatu zokha, ndipo yoposa zonse inali yanga. Yanga? Ha! Dzanja lake linali mwa Tirthamaya, ine ndili pambuyo ndanyamula thumba lolandiriramo nthochi, masiwiti ndi timapaketi ta mkaka, ngati wantchito wawo.

Mayi wina wachilendo anawerama n'kumutsina tsaya.

"Iii, kang'ombe kokongolaka n'ka ndani?"

Tirthamaya anagwetsa maso pansi. Ndinatsegula pakamwa, koma Sujal ananditsogolera.

"Ndine wa amayi aakulu awa. Ndikuperekeza abambo aakulu."

Thumba lija ndinatsala pang'ono kuliponya. Tirthamaya analira osapukuta misozi, anthu akumugwira mapewa, ndipo ine, Mulungu andione, ndinasirira ngakhale misozi yakeyo.

Titamaliza, Tirthamaya anamusambitsa kumaso yekha, n'kumukwezera kwathu.

"Ndabweza, mayi a Sujal. Mwamuna wanga wawoloka. Inu ndinu odala, mukagona naye m'nyumba."

"Zikomo," ndinayankha mouma, ndikutseka chitseko.

Sujal anakhala pamphasa akusankha masiwiti, mchira uja atakana kuuvula. Ndinapirira, koma zinandikanika.

"Iwe, anakubereka ndi ndani? Ukamanena pagulu kuti ndiwe wa amayi aakulu, ine ndine mtengo?"

Anandiyang'ana modabwa, tsaya litatupa ndi siwiti. Kenaka anabwera n'kundisisita bondo.

"Musadandaule, amayi. Mukadzafa inu, ndidzakuyenderani inunso. Ndidzanena mokweza kuti ndine wanu."

Ndinamukumbatira mpaka anadandaula kuti ndikumufinya. Ndipo tamverani kupusa kwa nsanje: ndinasangalala.

"Nyanga udzavala zanga zija?" ndinafunsa.

"Ayi," anatero. "Adzandisokera amayi aakulu."