Phazi Limene Ndinakafuna ku Mpingu

Tinanyamuka kwathu, kufupi ndi Nambuma, mame asanaume. Inali nyengo ya mwera, m'zaka zija dzombe linkatidyera chimanga. Tinali akazi awiri, ine ndi alamu anga aNaphiri, mlongo wawo wa malemu amuna anga. Sitinkalankhulana. Iwo anali patsogolo, ine pambuyo, ndipo pakati pathu ngolo ikanadutsa osakhudza munthu. Pambali pathu pankayenda kopolo wa polisi akukankha njinga. Anatumidwa kudzatitenga kuti tikaonekere ku Mpingu, kwa mzungu wofufuza imfa ya amuna anga.

Imfayo inabwera motere. Fodya atatha kuthyoledwa, amuna anga anachedwa kuzula zitsa zake m'munda monga lamulo linkafunira. Tsiku lina kunafika apolisi atatu. Ine ndinagwada n'kuwapatsa madzi, maso pansi, monga anandilangira anamkungwi, pakuti mkazi wolangidwa sapenya mwamuna wachilendo kumaso. Nkhope zawo sindinaziwone. Ndinawona mapazi, chifukwa masiku amenewo apolisi a kumidzi ankayenda opanda nsapato ngati ife tomwe, nsalu zokulunga m'miyendo basi. Phazi limodzi lamanzere linalibe chala chachikulu. Phazi lomwelo ndinaliwonanso kuseri kwa chigafa cha fodya likuponda nthiti za amuna anga, mpaka iwo analeka kukuwa.

Anawatenga, anawasunga masiku angapo, n'kuwabweza akutsokomola magazi, miyendo itatupa. Mwezi usanathe tinawaika m'manda.

Tsono kwathu mwamuna akatupa n'kumalavula magazi, anthu safunsa zambiri. Amati ndi mdulo: mkazi wake anayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mchere uja n'kumudula mwamuna pachifuwa. Anayamba kunena zimenezi pamaliro pomwe anali aNaphiri. Kuyambira pamenepo palibe wa kuchimuna anadyako ndiwo zothira ine mchere, ndipo ngakhale kutchalitchi akazi anzanga ankasendera ndikakhala pamphasa. Wansembe wa kumishoni ndiye anadandaula ku Boma. Choncho ine ndinkapita ku Mpingu kukatenga chinthu chimodzi: mawu a Boma oti amuna anga anafa ndi phazi la wapolisi, osati ndi mchere wanga. ANaphiri anatumidwa ndi abale awo kuti akamve ndi makutu awo, ndisakabwere ndi bodza.

Dzuwa lili paliwombo tinafika kwa Kabudula, tinapuma pansi pa mkuyu. Kopolo uja anali munthu wokoma m'kamwa, woti ukamumva akulankhula ungamupatse mwana wako kuti akulerere. Anatigulira mbatata yootcha ndi nzimbe ya kobiri, anathamangitsa galu amene ankatinunkhiza, anafunsa za ana anga ndi mayina awo. ANaphiri anakhala kwaokha, atatembenukira kumsewu, akusenda mbatata ngati yawalakwira.

"Mayi," anatero kopolo, "lamulo la Boma n'lakuti mboni iyambe yandiuza ine, kuti bwana asakatope ndi mafunso. Kodi munthu ameneyu mungamudziwe mutamuwona?"

"Ndingamudziwe, bambo."

"Nkhope yake ndi yotani? Wofiira kapena wakuda?"

"Nkhope sindinaiwone. Koma phazi lake lamanzere lilibe chala chachikulu. Ngakhale mutaika mapazi a dziko lonse pamzere, limenelo ndilitola."

Kopolo anatafuna nzimbe yake pang'onopang'ono, akugwedeza mutu. "Mwanena bwino, mayi. Mukakanene chimodzimodzi." Atalavula zotsalira anati ayenera kutsogola kuti akatikonzere malo. Anakwera njinga, belu ngiri ngiri, n'kutisiya m'fumbi. Ndinamuthokoza mpaka kuwomba m'manja.

Tinagona ku Nsaru, pakhonde pa sitolo ya mmwenye. Madzulo ake mkazi wa telala wa pasitolopo anatibwereka mphika ndi nkhwani. Ine ndinasadzula, ndinatsuka, ndinaphika. Itakwana nthawi ya mchere, aNaphiri anamasula mfundo ya pansalu yawo, anathira okha, n'kumanganso mfundoyo kawiri. Mkazi wa telala anatiyang'ana tonse awiri, anamvetsa, n'kulowa m'nyumba osafunsa. Ndinadya nsimayo ngati ndikumeza dothi.

M'mawa kunali lole yonyamula mabelo otsiriza a fodya kupita kumsewu waukulu. Dalaivala anati sikisi mutu umodzi, ndipo anati nkhuku ndi akazi amasiye mtengo ndi womwewo. Tinakhala pamwamba pa mabelo. Ine ndinali ndisanakwerepo galimoto, aNaphiri chimodzimodzi, koma iwo anakhala mowongoka ngati anabadwira momwemo, mpaka lole inagwa m'dzenje loyamba. Pamenepo anandigwira mkono mwamphamvu, akuitana Maria Woyera. Atazindikira kuti agwira ndani, anandisiya msangamsanga n'kupukuta dzanja pansalu.

Pamabelo pomwepo panali mkulu wina wochokera ku Halale, wovala jekete losweka m'mapewa. Atamva kumene tinkapita ndi chifukwa chake anafunsa kuti, "Nanga wofufuzayo ndani?"

"Akuti mzungu, mkulu wa apolisi," ndinayankha.

"Wa apolisi omwewo?" Anaseka osatsegula pakamwa. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mayi. Koma pitani, eti. Mwina kwanu kuno n'kosiyana."

Anatsikira panjira, ndipo ndinakondwa kuti watsika. Sindinafune mawu otere tsiku limenelo.

Lole inatisiya pamsewu waukulu wochokera ku Namitete, ndipo ku Mpingu tinafika wapansi dzuwa litapendeka pang'ono, fungo la fodya lili m'nsalu ndi m'tsitsi momwe. Kufufuzako kunali m'nyumba ya alendo a Boma, ya njerwa ndi denga la udzu. Pabwalo panaima galimoto yakuda ya mzungu ndi lole ina ya Boma. Njinga ya kopolo wathu inali itatsamira khoma, fumbi lake likuwonetsa kuti yayenda ulendo wautali kuposa wathu.

ANaphiri anafuna kulowa nane, koma wapolisi wa pakhomo anatchinga ndi ndodo. "Za m'katimu n'za Boma. Inu khalani apo." Anatseka chitseko. Munthu amene anayenda ulendo wonsewo kuti akamve yekha anatsala panja ndi nkhuku.

M'katimo munali mzungu, wofiira m'khosi, akusewera ndi cholembera. Womasulira anali sajeni, mkulu wa apolisi omwe anabwera kwathu aja. Ndinagwada n'kufotokoza zonse kuyambira pa madzi mpaka pa manda. Ndinkalankhula mpaka malovu kuuma, sajeni n'kutembenukira kwa mzungu, n'kunena timawu tochepa ngati akufunsa mtengo wa mazira. Ndinkadabwa kuti Chingerezi n'chachifupi chotere. Pamene ndinatchula nthiti, mzungu anali kuthamangitsa ntchentche.

"Bwana akuti tulukani mukamuloze," anatero sajeni.

Pabwalo apolisi anali atafola pamzere, zisoti zawo zitalunjika kumwamba. Ndinakondwa. Ndinapita pa woyamba, ndinagwada, ndinayang'ana pansi.

Jombo.

Wachiwiri jombo, wachitatu jombo, mzere wonse majombo akuda achisilikali, ena aakulu kuposa mwini wake, zingwe zomangidwa mwachilendo. Anthu amene chibadwire ankaponda minga ndi zidendene zong'aluka, tsiku limenelo onse anali ndi nsapato. Ndinakwawa ndi mawondo kuchoka kumutu mpaka kumchira kwa mzerewo, ndikuyang'ana zikopa, ndikubwereranso. Wina anaseka m'mphuno.

"Bambo sajeni," ndinatero, "auzeni abwana kuti anthuwa avule. Ine ndikudziwa phazi."

Sajeni ananena kanthu kwa mzungu. Sindikudziwa ngati ananena mawu anga kapena ake. Mzungu anayang'ana wotchi.

"Bwana akuti munthu amadziwika ndi nkhope. Boma silivula nsapato chifukwa cha mkazi wa kumudzi. Dzukani, muwayang'ane kumaso."

Ndinadzuka. Kwa nthawi yoyamba chikhalire ndinayenda pamaso pa amuna achilendo ndikuwapenya m'maso, manyazi akundiwotcha thupi lonse. Onse ankayang'ana kutali, pamwamba pa mutu wanga. Kopolo wa nzimbe uja anali kumapeto, nayenso m'majombo, akuyang'ana mitambo ngati akuyembekeza mvula mu mwera. Ndikanatha kuloza aliyense, chala chinkandiyabwa ndithu. Koma ndinkadziwa kuwawa kwake kolozedwa pa chinthu chimene sunachite. Ndinabweza dzanja m'nsalu.

"Mboni yalephera," anatero sajeni, ndipo pamenepo pokha mzungu analemba.

Ndinafunsa kuti alemba chiyani, andiwerengereko. Sajeni anati zolemba za Boma zimapita ku Zomba, sizowerengera anthu. Ndinafunsa kuti tidzamva liti. "Mlandu suwola, mayi. Mudzamva." Mzungu analowa m'galimoto yake, ndipo fumbi linaloza ku Lilongwe.

Boma limadziwa kuitana, kubweza silidziwa. Palibe anatiuza kuti tibwerera bwanji. Tinapita kuseri kwa nyumbayo, pafupi ndi chitsime, kukamanga katundu wathu. Ndinawona mlomo wa aNaphiri ukukonzeka kundinena.

Ndiye apolisi aja anabwera n'kukhala pakhonde la kuseri, osatilabadira, pakuti akazi awiri okhala pansi ndi ngati zitsa. Anayamba kuvula. Ankabuula, ankatukwana, ankauzira matuza m'zidendene, uyu akuseka mnzake kuti amayenda ngati bakha. Majombo ankawamanga awiriawiri n'kuwaponya m'bokosi loti libwerere pa lole ya Boma. Mmodzi anatambasula miyendo padzuwa, akugwedeza zala kuti zipume. Phazi lamanzere linali ndi zala zinayi.

Ndinalizindikira pomwepo. ANaphiri anandigwira mkono, monga pa lole paja, koma ulendo uno sanandisiye. Chala chimenecho anachimva chikutchulidwa pansi pa mkuyu kwa Kabudula, ali chotembenukira kumsewu, ndipo anadziwa amene anachimva nawo limodzi: kopolo wa nzimbe uja. Anaimirira, anathamangira kumsewu akukuwa kuti, "Abwana! Abwana, bwererani!" Ngakhale fumbi la galimoto linali litakhazikika kale.

Mwini phazi uja anadzuka, anabwera pachitsime, anamwa madzi m'manja. Pamenepo ndinamuyang'ana kumaso. Anali mwamuna wamba, wa mpata m'mano, nkhope yoti ungaipeze pamsika uliwonse ikugula fodya wofwenkha.

"Muyende bwino, amayi," anatero mwaulemu, n'kubwerera kwa anzake.

Kubwerera tinayenda wapansi njira yonse, chifukwa malole ankapita kumene fodya akupita, osati kumene akuchokera. Tinagonanso ku Nsaru. Kwa Kabudula tinadutsa mkuyu uja osakhalapo. Mpata wa ngolo pakati pathu unali utatha, koma panalibe chokamba. ANaphiri ankalira mlongo wawo mwakachetechete, ngati maliro ayamba kumene, ndipo ine misozi inali itandithera.

Tinafika kwathu dzuwa likulowa. Amalume awo a malemu ndi abale ena aamuna anali atabwera kudzadikira yankho. ANaphiri anafotokoza zonse, za chitseko, za majombo, za bokosi, za phazi. Atatha anapita kukhitchini kumene mphika wa nyemba unali pamoto, anamasula mfundo ya pansalu yawo pamaso pa onse, n'kundiikira mchere m'dzanja.

"Thirani, mlamu."

Ndinathira. Iwo anapakula, anakhala pansi pabwalo, n'kudya onse akuwona, mpaka kunyambita zala.

Ndinatengera mbale ina kwa amalume, ndinagwada, ndinaika pansi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanali munthu woipa, ndipo ndikhulupirira kuti njala anali nayo.

"Zimene wawona mwana wathuyu tazimva," anatero. "Koma maso a mkazi mmodzi si mlandu. Boma lafufuza. Tidikira mawu a Boma."

Anatenga ndodo zawo n'kunyamuka, nyemba zikutuluka nthunzi.

Ulendo umenewo unandiphunzitsa kuti ukapita kukadandaula, uyambe wafunsa kuti wofunsa mafunsoyo amadya ndi yani, ndipo chitseko akutsekera yani. Ndinaphunzira mochedwa. Wansembe anakafunsako ku Boma, anamuuza kuti nkhaniyo inatsekedwa, ndipo zimene anapeza n'zawo. Amalume aja anakhala ndi moyo mpaka nkhondo ya Hitila itatha, ankabwera kudzawona ana anga, ankawabweretsera mtedza. Anamwalira akudikirabe, osalawako ndiwo zanga.