Usavule Helimeti

Anzanga, Zulhilmi, amene timangomutcha Hilmi, ndinakumana naye pa shopu ya matayala ya bambo anga ku Kajang. Ine ndimakhala pa kauntala. Iye ankabwerabwera ndi galimoto yake ya Civic yoyera, yotsika kwambiri moti kachitunda kalikonse pamsewu ankakakwera chammbali ngati nkhanu.

Tsiku lina ndinamufunsa ngati matayalawo amachita kuwadya.

Anaseka. Anati amathera ku Sepang pa track day, tsiku limene anthu wamba amalowa ndi magalimoto awo m'bwalo la mpikisano n'kuthamanga mmene mtima ukufunira.

"Ndidzakutenga, Syazwani. Udzasiya kundinena."

Basi, mtima wanga unapita.

Madzulo akaweruka tinkakamwa tiyi wamkaka, iye akundifotokozera za mabuleki ngati nkhani ya moyo ndi imfa. Loweruka ndi Lamlungu sankapezeka, ankati ali pa galimoto. Ine ndinkamvetsa. Anandilonjeza kuti Ramadani ikatha atumiza akwawo kudzaonekera kwathu, ndipo ine pakamwa panga posasunga kanthu, ndinauza amayi ndi azakhali onse.

Tsiku lopita ku Sepang lija linafika.

Dzuwa linali loswa mtengo. Anzake anali kalikiliki, ena akuphwetsa matayala pang'ono, ena akumata tepi pa manambala a magalimoto. Onse ankanditchula kuti alamu. Ndinkamva kukoma, ndisaname.

Hilmi anandiveka ovolosi ya mnzake, yaikulu ngati thumba, magolovesi ndi helimeti ya galasi lakuda. Kenako anandimanga pampando. Si lamba wamba uja ayi... malamba m'mapewa, m'chiuno, wina pakati pa miyendo, onse akukumana pa chitsulo chimodzi pamimba. Anakoka mpaka kupuma kunayamba kuvuta. Momasulira sanandionetse, inenso sindinafunse.

Lamulo anatiuza m'mawa lomwe: galimoto ikachoka pamsewu, osamasula lamba, osatuluka, mpaka oyang'anira atabwera.

Kuthamanga kwake, mayo ine. Ndinakuwa, ndinaseka, ndinapemphera. Kenako pa kona ina matayala akumbuyo anaterereka, dziko linazungulira, tinapezeka tatitimira m'timiyala ta m'mbali. Injini zii. Mbendera yofiira m'mwamba.

Hilmi anamenya chiwongolero, akulira bampala yake. Zoti ine ndili bwanji sanafunse.

Kunabwera lole n'kutinyamula, ife tili momwemo. Kumeneko mwambo wake ndi wakuti wobwera pa lole amamuombera m'manja momuseka, ndipo tiyi wa gulu lonse amagula ndi iye. Tikuyandikira, ndinamva mluzu ndi m'manja. Koma Hilmi anangoti maso tong'o kutsogolo.

Pakati pa anzake panaima mayi wa mpango wobiriwira, kamwana kakakazi m'manja, mbale zosanjikiza zili pansi.

"Wani, tsitsa galasi lakumasolo. Usavule helimeti. Usalankhule."

"Bwanji?"

"Ndi mkazi wanga. Ndinena kuti ndiwe mphunzitsi wa pano. Please."

Atangotitsitsa, iye anadzimasula n'kutuluka, chitseko phaa.

Anzanga, ndinafuna kuthawa. Ndinakoka malamba, osatheka. Helimeti inkandiletsa kuwerama kuti ndione chitsulo chija, magolovesi akuterera. Ndinakanikiza, ndinakoka, ndinakanda. Mawindo otseka, m'galimoto ngati mu uvuni. Thukuta linkalowa m'maso limodzi ndi misozi, kopukutira kulibe.

Panja ndinkamumva bwinobwino akuuza mkazi wake kuti mphunzitsiyo ndi mnyamata wamanyazi, akudikira injini izizire. Anzake aja, omwe aja a alamu alamu, ankavomereza. Palibe ndi mmodzi yemwe anayang'ana kumene ndinali.

Ndinakwiya, ndinachita manyazi, ndinaopa. Kukuwa ndikanatha, koma ndikanakuwa kuti chiyani? Kuti ndine ndani?

Maso atayamba kuchita chidima, ndinaona mayi uja akupatsira mwana kwa Hilmi n'kumutuma kukagula madzi oundana. Anayesa kukana. Mayiyo anangomuyang'ana, iye n'kupita.

Chitseko changa chinatseguka. Dzanja la mayi uja linapita pamimba panga, linapotoza chitsulo chija, malamba onse n'kugwa. Anamasula kalamba ka pachibwano osafufuza n'komwe, anandivula helimeti, n'kundikonzera mpango wanga kuti amuna aja asaone tsitsi.

"Puma, mng'ono wanga. Amamanga kwambiri, ndimamuuza nthawi zonse."

Ndinayamba kulumbira kuti sindinkadziwa, kuti anandilonjeza ukwati. Anandidula.

"Ndikudziwa. Si iwe woyamba kukumasula pampando umenewu. Akangoti lero ndisabwere poti kunja kukutentha, ndimaphika n'kunyamuka."

"Nanga inu, achemwali, mukukhaliranji?"

Anatembenuka kuyang'ana kumene Hilmi analowera ndi mwana uja.

"Iwe uli ndi kwanu. Ine akwathu anandiuza kale kuti ndipirire."

Dzina lake ndi Norizan. Anandiuza uku akuyitana takisi pa foni yake, poti yanga inali m'chikwama chimene Hilmi anabisa sindikudziwa kuti. Anati ifika, koma ichedwa, bwalolo lili kutali.

Ndiye ndinakhala pa tayala, ovolosi ili m'thupi. Norizan anatsegula mbale zake n'kuyamba kugawira amuna aja mpunga ndi nkhuku, mmodzimmodzi, akuwatchula mayina. Onse ankalandira ndi manja awiri, maso pansi.

Hilmi anabwera ndi madzi ake oundana. Ataona nkhope yanga ili poyera, anaima, kenako anakagwada kutsogolo kwa galimoto n'kuyamba kuchotsa timiyala mu bampala.

Anzanga, mwamuna amene ndinauza dziko lonse kuti andikwatira sanadzutse mutu mpaka takisi inabwera. Amene anandiperekeza pageti, atandigwira dzanja, ndi mkazi wake. Atanditsekera chitseko anabwerera kukatolera mbale.