Mazira a Chipweyo

Pamsika wa Tsangano palibe amandipusitsa pa malonda, ndimatero ine. Koma lero fungo la nthenga zonyowa landikumbutsa kwathu ku Chidzolomondo.

Anzanga atayamba kukaphunzira ku shikola, ine ndinatsala ndekha ndi mbuzi. Mnyamata wina wotchera misampha ananditsatsa mazira a chipweyo, bakha wam'dambo woimba mluzu uja. Ndinamupatsa legeni yakutha, uku ndikumuseka mumtima. Thadzi la amayi linawafungatira, ndipo ataswa ndinkacheza ndi anapiyewo ngati anthu.

"Mwanawe, am'dambo sakhalitsa pakhomo," amayi anatero.

Mapiko atakhwima, gulu la anzawo linadutsa m'mwamba likuimba. Anga anayankha, n'kunyamuka. Ndinatsala chiimire, madeya ali m'manja. Inuyo mukuti anapambana ndani: ine, mnyamata uja, kapena dambo?